Maso a Mlendo ndi Maso a Mwinimudzi: Ndemanga pa Ndakatulo za Ulendo za a Jack Mapanje

Anthu obwerako ku maiko akunja alipo a mitundu iŵiri. Woyamba amatsika ndege ndi chikwama chodzaza zithunzi: apa waima pa mlatho wa mtsinje wa Thames, apa watsamira chipilala cha pa Trafalgar Square, apa ali pa chipata cha nyumba yachifumu ya Buckingham. Akafika pakhomo nkhani yake imakhala imodzi yokha, yakuti kunja n'kokoma ndipo ife kuno tidatsalira. Wachiŵiri amabwera ndi katundu wochepa, koma maso ake amakhala atasintha, kotero kuti zinthu za kwao zimene kale ankazidutsa osacheuka amayamba kuziona. Cholinga changa m'ndemanga ino ndi kusonyeza kuti buku la ndakatulo la a Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidalembedwa ndi munthu wa mtundu wachiŵiriwu, ndiponso kuti mphamvu ya bukuli yagona pa ulendo wobwerera kumudzi koposa pa ulendo wopita.

Poyamba tikumbutsane mbiri yake mwachidule. A Mapanje adabadwa m'chaka cha 1944 m'mudzi wa Kadango, m'boma la Mangochi, ndipo adali mmodzi mwa amene adayambitsa Gulu la Alembi pa Chancellor College cha m'ma 1970. Adapita kukaphunzira ku London m'chaka cha 1972 nabwerako mu 1975 kudzaphunzitsa ku Zomba. Bukuli lidasindikizidwa ndi a Heinemann m'chaka cha 1981, ndipo lili ndi zigaŵo zinayi. Zigaŵo ziŵiri zapakati ndizo ndikufuna tiziunike: chachiŵiri, chotchedwa Sketches from London, ndi chachitatu, chotchedwa Re-entering Chingwe's Hole. Mitu iŵiriyi payokha ikutiuza kale kanthu. Ku London mlakatuli akungojambula mongodutsa, ngati munthu wolemba pa fumbi ndi chala. Kuno kwao akuloŵa m'dzenje, ndipo akuloŵamo kachiŵiri.

Akuluakulu adati kuyenda n'kuona. Tsono a Mapanje adaona chiyani ku London? Woŵerenga amene akuyembekeza kutamanda nyumba zazitali ndi magetsi a mumsewu adzakhumudwa. M'masiku amenewo ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti kupita ku England ndiko kukamwa madzi pa kasupe weniweni wa nzeru, ndipo ndakatulo yotchedwa Drinking the Water from Its Source ikuseka chikhulupiriro chomwecho. Ina, Travelling in London Tubes, ikunena za sitima zoyenda pansi pa nthaka, koma chimene mlakatuli wasankha kutionetsa m'menemo ndi fumbi. Akulifanizira ndi fumbi la kwathu, limene limabwera poyera, mphepo italinyamula, munthu n'kuliona n'kulizemba. La ku London ndi lobisika, umangolizindikira pamene wamina n'kuona kuda kwa nsalu yako. Kwa ine apa ndi pamene pali luso. Munthu wawoloka nyanja kukaona mzinda wa mfumukazi, ndipo chinthu chimene wasankha kubwera nacho n'chimene mayi aliyense wosesa pabwalo angachimvetse. Sakugwadira London, komanso sakunamizira kuti kwathu kulibe fumbi.

Chinanso n'chakuti ngakhale thupi lili ku London, khutu la mlakatuli lili kumudzi. Pali ndakatulo ina yokhala ndi deti la Disembala 1972 pa mutu pake, imene ikukamba za mazunzo a Mboni za Yehova. Tikudziŵa kuti mpingowu udaletsedwa m'dziko muno mu 1967, ndipo mu 1972 anthu ake zikwizikwi adathaŵira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique. Mlendo weniweni wokaona malo amasiya mavuto a kwao pa bwalo la ndege, n'chifukwa chake amalipira ndalama zambiri. A Mapanje zidaŵakanika. Nkhani za kumudzi zidaŵalondola mpaka m'chipinda chao ku England, ndipo ulendo wokaona za eni udasanduka nthaŵi yosinkhasinkha za kwao.

Komabe ndisabise, chigaŵo cha London ndi chopepuka pochiyerekeza ndi chinzake. Anthu a mumzindawo saoneka bwino m'ndakatulozi. Amadutsa ngati zithunzithunzi, ndipo sitiŵamva akulankhula zakukhosi kwao. Ife Amalaŵi timadandaula tikaŵerenga mabuku onga Venture to the Interior la Laurens van der Post, lotuluka mu 1952, m'mene mapiri a Mulanje ndi Nyika ali ndi moyo koposa anthu onyamula katundu wa mlembiyo. Kodi si zoona kuti mlendo aliyense, woyera kapena wakuda, amagwa m'mbuna yomweyi? Mlendo ndi mame, sakhalitsa, ndipo amaona khungu la zinthu. Mwina a Mapanje adadziŵa zimenezi, n'chifukwa chake adachitcha chigaŵochi zojambula zongodutsa. Ngati ndi choncho, kudzichepetsa kwaoko n'koyamikika, koma sikusandutsa ndakatulozo kukhala zakuya.

Tikafika pa chigaŵo chachitatu mau amalemera. Dzenje la Chingwe lili pamwamba pa phiri la Zomba, chakumadzulo, pafupi ndi phompho loyang'ana chigwa cha Shire. Anthu amasimba kuti kale mafumu ankaponyamo adani ao. Chofunika kuchizindikira n'chakuti dzenjeli ndi amodzi mwa malo amene alendo amapita kukaona. Pa phiri lomwelo pali Queen's View, malo okumbukira ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View, okumbukira ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Mlendo amayamba waima pa malo aŵiriŵa, kenaka n'kukasuzumira m'dzenje, n'kujambula chithunzi, n'kubwerera kukamwa tiyi ku Ku Chawe. Tsono munthu amene wangobwera kumene kuchokera ku London, wazoloŵera kuyenda ngati mlendo, chiyeso chake chachikulu ndi kuyamba kuona dziko lake momwemo, ngati malo okongola ojambulapo zithunzi. Ndakatulo za Visiting Zomba Plateau ndi Glory Be to Chingwe's Hole zikukana chiyeso chimenechi. Mlakatuli wakwera phiri ngati wina aliyense, koma poyang'ana m'dzenjemo akufunsa za anthu amene adaponyedwamo, ndi za mfumu imene idalamula. M'ndakatulo yachiŵiriyo akukumbutsanso nthano ya mmisiri amene adasema mkazi wokongola pa mtengo, mfumu n'kumulanda. Aliyense amene adakhalapo pa moto madzulo akudziŵa kuti nthano yotere imanena za wamphamvu wolanda thukuta la wopanda mphamvu.

Tikumbukire chaka chimene ankabwerera. Mu 1975 likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, ndipo zaka zomwezo anthu ophunzira ambiri, ena mwa iwo aphunzitsi a pa koleji pomwepo monga a Felix Mnthali, adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Ndende ya Mikuyu ili kufupi ndi Zomba. Woŵerenga wa nthaŵi imeneyo sadafunikire womumasulira kuti dzenje la mfumu lidali lisadatsekedwe. Aboma naonso adamva. Mu 1985 bukuli lidachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo, ndipo pa 25 Seputembala 1987 a Mapanje adagwidwa ku Zomba natsekeredwa ku Mikuyu mpaka Meyi 1991, osaonekera m'bwalo la milandu. Atatuluka adapita kukakhala ku York, ku England. Munthu amene adalemba za kuloŵanso m'dzenje adaponyedwamo ndithu, ndipo dziko limene adakaliona ngati mlendo ndilo lidamusunga.

Ine kwathu ndi ku Mvera, m'mapiri a Dowa, ndipo pali zifukwa ziŵiri zimene ndakatulozi zimandikhudzira monga mwana wa kumeneko. Choyamba, ife a ku Mvera tidazoloŵera kukhala anthu oonedwa. Chiyambire 1889, pamene abusa Andrew Charles Murray ndi T. C. B. Vlok adamanga misasa yao m'dziko la Inkosi Chiŵere, alendo akhala akubwera, kutiyang'ana, n'kukalemba za ife kwao. Msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima umadutsa kwathu, ndipo magalimoto a anthu othamangira ku nyanja amaima pang'ono kugula zipatso kapena madengu, n'kutamanda kukongola kwa mapiri, n'kumapita. Ena amakhotera ku nkhalango ya phiri la Ntchisi kukaona mbalame ndi mitengo. Sindikuŵada, pakuti ndalama zao zimathandiza. Koma ndikaŵerenga Kabula Curio-Shop, ndakatulo ya m'chigaŵo choyamba yonena za chiboliboli chimene mmisiri adachivutikira masiku ambiri koma chidathera pa ngodya ya sitolo chitathyoka, ndimaona amalume anga onse oluka ndi osema a m'mphepete mwa msewu.

Chachiŵiri, nafenso ku Dowa tili ndi dzenje lathu. Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa, idali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale ndi za chipembedzo m'nthaŵi ya ulamuliro wa a Kamuzu Banda, ndipo a Mboni za Yehova ambiri adatsekeredwa kumeneko cha m'ma 1975. Kuyambira 1994 malowo adasanduka msasa wa anthu othaŵa nkhondo m'maiko ena. Munthu wa ku Dowa wobwera kuchokera kunja akhoza kuyenda boma lonse, kujambula tchalitchi chakale cha pa Mvera ndi mapiri obiriŵira, osafunsa n'kamodzi komwe kuti pa Dzaleka padachitika zotani. Akatero ndiye kuti wabwera ndi thupi lokha. Phunziro la a Mapanje n'lakuti kubwerera kwenikweni ndiko kufunsa mafunso amene mlendo alibe nao ntchito.

Nkhani imeneyi si ya Malaŵi yekha. Aimé Césaire wa ku Martinique adalemba ndakatulo yaitali yonena za kubwerera ku dziko lobadwira mu 1939, ndipo Ayi Kwei Armah wa ku Ghana, m'buku lake Fragments la 1970, adasimba za mnyamata wobwera kuchokera ku America amene abale ake ankangoyembekeza galimoto ndi katundu. Kusiyana kwake n'kwakuti a Mapanje sankatha kulankhula poyera monga anzaoŵa. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe loyang'anira zolembedwa, ndipo mlembi wofuna kugona kunyumba kwake adayenera kukhala ngati bilimankhwe, kusintha maanga ndi kuponda mosamala.

Apa ndi pamene pali dandaulo langa lalikulu. Ndakatulozi zidalembedwa m'Chingerezi, ndiponso m'mikuluŵiko yakuti ngakhale ife a pa koleji timatuluka thukuta poimasula. Nanga anthu a kumudzi, eni ake a dzenje, adzazimva liti? Kwathu anthu oyenda maulendo akunja sadali okaona malo. Adali amuna opita ku migodi ya ku Johannesburg kudzera mwa a Wenela, kapena ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ena n'kusanduka matchona osabweranso. Ngozi ya ndege ya ku Francistown mu Epulo 1974, imene idapha Amalaŵi oposa 70 akubwerera kumudzi, idagwa zaka zomwezo a Mapanje ali ku London. Amene adalembera anthu otere m'chilankhulo chao ndi a Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, amene buku lao Nthondo, lopambana mphotho mu 1933, limasimba za munthu wochoka pamudzi kukafuna ntchito kutali, nabwerera, nadzakhala mfumu. Buku lao lina, Msyamboza, likunena za mfumu ya ku Chibanzi konkuno ku Dowa, munthu woyenda amene nzeru zimene ankaziona kwina ankadzaziyesa m'mudzi mwake. A Nthara adali ndi chilankhulo cha anthu, koma mabuku ao amathera pa phunziro limene amishoni ankalifuna. A Mapanje adali ndi mafunso akuthwa, koma m'chilankhulo cha anthu ochepa. Tikusoŵabe mlembi wolumikiza ziŵirizi.

Wina adzati ndikuŵeruza mopanda chifundo, pakuti mikuluŵikoyo ndiyo idachititsa kuti bukuli lituluke n'komwe, ndipo ngakhale idali yobisika chotero mwini wake adakhalabe m'ndende zaka zitatu ndi miyezi yoposa isanu ndi iŵiri. Zimenezo n'zoona, ndipo sindingaimbe mlandu munthu amene adalipira mtengo wotere. Mlandu uli pa ife. Chiyambire referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, palibe wotikakamiza kukhala abilimankhwe, ndipo ena mwa ife tidzapita ku maiko akunja, kaya kukaphunzira kaya kukapuma. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, ndiye tidzabwerera ndithu. Funso ndi lakuti tidzabwera ndi maso ati, ndipo tidzalembera yani.

Ndikupempha anzanga a m'Gulu la Alembi kuti muŵerenge zigaŵo ziŵirizi motsatizana, tsiku limodzi, kuyambira pa kutsazikana pa bwalo la ndege mpaka pa mlomo wa dzenje. Amene akuona kuti ndachichepetsa chigaŵo cha London abwere ndi ndakatulo zake m'manja pa msonkhano wathu wotsatira, tidzatsutsane bwino.