Katchalitchi ka Sandham ndi luso la Stanley Spencer

Kunja kwake katchalitchi ka Sandham, m'mudzi wa Burghclere ku England, sikakopa maso. Ndi kanyumba ka njerwa zofiira, kokhala ndi tinyumba tiwiri tomwe tidamangidwira anthu osauka m'mbali mwake. Lionel Pearson ndiye adalemba pulani yake, ndipo Mary Behrend ndi mwamuna wake adalipira zonse pokumbukira mlongo wa mayiyo, Henry Sandham, amene adamwalira ndi matenda omwe adawatenga ku Macedonia pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse.

Chuma chake chili m'kati. Kuyambira 1927 mpaka 1932, Stanley Spencer adadzaza makoma ndi zithunzi 19. Iyeyu adagwirapo ntchito m'chipatala cha asilikali ku Bristol, nchifukwa chake sadajambule mfuti zikulira. Adajambula asilikali akukolopa pansi, kusankha zovala zochapa, kudzaza tiyi m'zitini zazikulu, kuyala mabedi. Ntchito zonyozekazi adazipatsa ulemu, ndipo ine pamenepa ndipamene ndimamugomera.

Pachithunzi cha pakhoma la kuguwa, asilikali akudzuka kwa akufa, aliyense atanyamula mtanda woyera wa pamanda pake, ena akugwirana chanza. Ngakhale abulu amene adafera kunkhondoko nawo akudzambatuka. Lero malowa akusamalidwa ndi bungwe la National Trust.