Kuwerenga mphete ya West Point

Mwambo wa mphete za omaliza maphunziro unayambira ku West Point, sukulu ya usilikali ya m'mbali mwa mtsinje wa Hudson ku New York, ndi kalasi ya 1835. Kuchokera kumeneko unafalikira m'makoleji ndi m'masekondale a ku America. Mphete ya pasukuluyi ndi yofunika kuiwerenga mofatsa, pakuti chilichonse chojambulidwapo chili ndi uthenga.

Mbali imodzi ili ndi chizindikiro cha kalasi, chimene ophunzira amakonza okha, pamodzi ndi chaka chawo chomaliza. Mbali inayo ili ndi chizindikiro cha sukulu, chomwe sichisintha: chiwombankhanga, lupanga, chisoti cha Athena, mulungu wamkazi wa nzeru ndi nkhondo wa Agiriki, ndi mawu atatu a m'Chingerezi onena za udindo, ulemu ndi dziko.

Taonani mmene mawuwa anasanjidwira. Udindo uli patsogolo, ulemu ukubwera pambuyo pake. Msilikali akuuzidwa kuti ulemu sautola panjira, amayamba wagwira ntchito imene wapatsidwa. Dziko lili kumapeto chifukwa ndiko zonse zikulowera. Pa mawu atatuwa palibe "ine", palibenso lonjezo la mphotho. Chisoti nacho anachiika pamwamba pa lupanga, kusonyeza kuti nzeru ndiyo iyenera kulamula chida.

Kavalidwe kake kakupitiriza uthenga womwewo. Ophunzira amalandira mphete kumayambiriro kwa chaka chawo chomaliza, ndipo amaivala chizindikiro cha kalasi chitaloza kumtima. Akamaliza maphunziro amaitembenuza, kuti choyandikira mtima chikhale chizindikiro cha sukulu. Womaliza maphunziroyo sataya anzake amene ankadya nawo, kuguba nawo ndi kuvutika nawo, mbali yawo ikadali pachala, koma tsopano wamangiriridwa ku chinthu chimene chinalipo iye asanabadwe, sukulu yokhazikitsidwa mu 1802.

Uthenga wozama kwambiri suoneka ndi maso. Kuyambira ndi kalasi ya 2002, mphete zimene eni ake kapena mabanja a omwalira apereka zimasungunulidwa, golide wake n'kusakanizidwa ndi wa mphete zatsopano. Mayi wamasiye kapena mdzukulu amabwera ndi mphete yotha m'mbali chifukwa chovalidwa zaka zambiri, n'kuiika yekha m'kambiya kosungunulira. Akuluakulu anati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, ndipo wovala golide wa amene anamutsogolera amadziwa kuti akalakwa sachita manyazi yekha.

N'chifukwa chake ndikuona kuti mphete iyi imaposa chikumbutso cha tsiku lachisangalalo. Satifiketi imanena zimene munthu wakwanitsa, pomwe mpheteyi imamuuza zimene akuyenera kuchita. Wachinyamata amene waivala watenga ngongole kwa anthu amene sanawaonepo, ndipo adzaibweza ndi khalidwe lake pantchito yonse ya usilikali.