Mwininkhani Ndani? Kusanthula Mfuu za Zipani pa Masankho a mu Zambia, 1973–2021

1.0 Mau Oyamba

Pa nthaŵi ya masankho cipani ciliconse cimakhala ndi zolankhula za mitundu iŵiri. Mtundu woyamba ndi manifesito, buku lofotokoza zimene cipanico cidzacita cikatenga boma. Bukuli limalembedwa m'Cingerezi, ndipo amene amaliŵerenga ndi oŵerengeka. Mtundu waciŵiri ndi mfuu, ndiye kuti mau aŵiri kapena atatu amene amafuulidwa pamsonkhano, kuimbidwa m'minibasi ndi kudindidwa pa zitenge. Mfuu ndiyo imafika kumudzi ndi kukomboni, ndipo kaŵirikaŵiri imafika m'cinenero ca eni dziko.

M'nkhani ino tifuna kusanthula mfuu monga momwe timasanthulira miyambi ndi nyimbo za makolo. Funso lathu ndi limodzi, ndipo ndi la galamala: kodi mu mfuu iliyonse mwininkhani wa mneni ndani? Tikukhulupirira kuti yankho lake limaonetsa amene cipani campatsa nchito ndi amene camusiya kuti angopenyerera.

2.0 Mgwirizanitsi ti- wa m'nthaŵi ya cipani cimodzi

Kucokera mu 1973 kufikira mu 1990, malamulo a dziko analola cipani cimodzi cokha ca UNIP. Nyimbo imene a Kenneth Kaunda anali kutsogolera pamisonkhano, atagwira kansalu kao koyera, inali ya Cinyanja, ya mutu wakuti Tiyende Pamodzi. Mneni wa m'mutuwu ali m'kanenedwe ka cifuniro, ndipo mgwirizanitsi wake ndi ti-. Mtsogoleri sakuima padera n'kumalamula. Iye ali m'kati mwa mneni pamodzi ndi omvera ake. Apa ndi pamene pagona kukoma kwake, makamaka m'dziko la mitundu yoposa 70.

Komabe ti- ameneyu ali ndi mbali ina. Salola munthu kutsala, ndiponso sachula kumene ulendowo ukuloza. Pa masankho a mtsogoleri wa dziko a m'zaka zimenezo, woponya voti anali kungosankha "Inde" kapena "Ayi" pa dzina limodzi, ndipo pa masankho ena cizindikiro ca "Ayi" cinali cule. Conco amene anakana kuyenda nao analibe mgwirizanitsi wake m'ciganizo ca dziko.

3.0 Nthaŵi monga mwininkhani

Mu 1991 cipani ca MMD cinabwera ndi mfuu ya Cingerezi yakuti "The hour has come", imene m'Cinyanja tinganene kuti "Nthaŵi yakwana". Anthu anali kukweza cala cacikulu ndi cala ca mkombaphala, kufanizira mivi ya koloko. Coyenera kuona n'cakuti mwininkhani pano si munthu ai, koma nthaŵi. Mfuuyi sichula a Frederick Chiluba, sichula a Kaunda, ndipo silonjeza kanthu. Ikungolengeza kuti kusintha kwafika monga momwe dzinja limafikira. Pa gulu limene linasonkhanitsa a mabungwe a anchito, amalonda, ophunzira ndi ena amene anacoka mu UNIP, imeneyi inali nzeru, pakuti munthu angakangane ndi mnzake koma sangakangane ndi koloko. Pa 31 October 1991 a Chiluba anapeza mavoti okwana 76 mwa 100 alionse, ndipo MMD inatenga mipando 125 mwa 150 ya m'Nyumba ya Malamulo. Kufooka kwa mfuuyi kunali komweko kumene kunali mphamvu yake: ngati nthaŵi ndiyo yacita zonse, palibe munthu amene tingamufunse mlandu zinthu zikapanda kuyenda.

4.0 Kanenedwe kolamula: Donchi kubeba

Mfuu imene tikuiona kuti inaumbidwa mwaluso kuposa zonse ndi ya cipani ca PF pa masankho a pa 20 September 2011. Mau akuti "Donchi kubeba" ndi osakaniza. Liu loyamba ndi la Cingerezi loletsa, lochulidwa monga momwe amalichulira anthu a ku Migodi. Laciŵiri ndi la Cibemba, locokera ku ku-ba-eba, kutanthauza "kuwauza". Tanthauzo lonse ndi lakuti "usawauze". A Guy Scott anathandiza kufalitsa mauŵa, woimba Dandy Krazy anawaika m'nyimbo, ndipo cizindikiro cake cinali cala pamilomo.

Apa mwininkhani ndi woponya voti mwini wake. Cipani colamula ca MMD, cotsogozedwa ndi a Rupiah Banda, cinali ndi cuma cokopera anthu: zitenge, malaya, ngakhale masiwiti. A Michael Sata sakanatha kupikisana naco pa kugaŵa. Mfuuyi inauza munthu wosauka kuti alandire mphatso zonse, avale citenge, avine pamsonkhano, koma akaloŵa m'kacipinda koponyeramo voti acite za kumtima kwake. M'mau aŵiri okha inaphunzitsa cinsinsi ca voti, phunziro limene mabuku a maphunziro a unzika amalifotokoza m'masamba ambiri. Tionenso nchito ya -ba-: mgwirizanitsi ameneyu akuika olamula kunja kwa kukambirana, akhala "iwo" amene sayenera kumva. A Sata anapambana ndi mavoti okwana 42 mwa 100 alionse, pamene a Banda anapeza 35.

Ngakhale zili tero, sitingaiyamikire popanda kuidzudzula. Mfuuyi sinatsutse mwambo wogula mavoti. Inangophunzitsa anthu kudya nyambo n'kusiya mbedza. Inasandutsa kubisa maganizo kukhala ukoma wa mbadwa, pamene ulamuliro wa zipani zambiri umafuna anthu onena maganizo ao poyera. Ndiponso cida cotere sicikhala ndi mwini. Kuyambira mu 2016 otsatira UPND anayamba kudzifanizira ndi vwende, lobiriŵira kunja monga mtundu wa PF koma lofiira m'kati monga mtundu wa cipani cao. Msampha umene PF inachera MMD unadzakola PF yomwe.

Mfuu ina yolamula ya PF ndi ya mu 2016 yakuti "Sonta epo wabomba", kutanthauza "loza pamene wagwira nchito". Koma iyi ikulamula wotsutsa boma, osati woponya voti. Ndi funso limene munthu amene sanalamulirepo sangayankhe, cifukwa miseu ndi zipatala zimamangidwa ndi amene wagwira thumba la boma. Woponya voti pano wasanduka mboni cabe pa mkangano wa anthu ena.

5.0 Mfuu yopanda mneni wa kucita

M'Cigawo ca Kum'maŵa, kumene mu 1991 UNIP inatenga mipando yonse 19, mwamveka nthaŵi ndi nthaŵi mau akuti "Umodzi kum'maŵa" ndi "Wako ni wako". M'mau ameneŵa mulibe kucita kulikonse. Aciŵiriwo aumbidwa ngati mwambi: liu limodzi labwerezedwa, ndipo pakati pali ni wa m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku m'malo mwa ndi wa m'mabuku. Amakumbutsa womva za mwambi weniweni wakuti cibale ndi fupa siciola, n'kubwereka ulemu umene timapereka ku mau a akuluakulu. Kuopsa kwake kuli pomwepo. Mwambi wa cibale unapangidwira maliro, njala ndi milandu ya pabanja. Ukausamutsira ku masankho, umatseka funso lofunika koposa, lakuti munthuyo adzacita ciani. Ciganizo cakuti kanthu ndi kanthu komweko sicingatsutsidwe, cifukwa sicinanene kanthu.

6.0 Mtsogoleri monga mwininkhani

Pa masankho a pa 12 August 2021 zipani zazikulu zonse ziŵiri zinaika mtsogoleri pamalo a mwininkhani. A PF anati "Alebwelelapo", m'Cinyanja "akubwererapo". M'Cibemba munthu wamkulu amalemekezedwa ndi ba-, koma mfuuyi inagwiritsa nchito a- wa munthu mmodzi, ngati kuti a Edgar Lungu ndi mnzathu wa pabwalo. Komabe mneniyo akulengeza cotuluka ca masankho anthu asanavote, ndipo woponya voti mulibemo.

Acinyamata otsatira a Hakainde Hichilema, makamaka pa Facebook ndi Twitter, anawapatsa dzina lakuti Bally, liu la m'tauni lotanthauza "atate", ndipo mfuu inali yakuti "Bally will fix it". Dzinali linafupikitsa mtunda pakati pa munthu wacuma amene analephera masankho kasanu ndi acinyamata osoŵa nchito. A Hichilema anapambana ndi mavoti oposa 2.8 miliyoni, pamene a Lungu anapeza ocepera pa 1.9 miliyoni. Koma tikaipenda, mfuuyi ikutibwezera ku cithunzi cakale ca tate wa mtundu. Ngati mtsogoleri ndi atate okonza zonse, ndiye kuti mbadwa ndi ana odikira pakhomo. Makolo anati mutu umodzi susenza denga.

7.0 Mau Otsiriza

Taona kuti mwininkhani wa mfuu wakhala akusintha: "ife" wosalola kukana, nthaŵi yosayankha mlandu, "iwe" wouzidwa kubisa, ndi "iye" wodzakonza zonse. Mwa zonsezi, ndi mfuu ya mu 2011 yokha imene inapatsa woponya voti nchito, ndipo nchitoyo inali ya kukhala cete.

Gwero la vutoli ndi kugaŵidwa kwa nchito pakati pa zinenero. Nkhani za misonkho, ngongole za dziko ndi mtengo wa feteleza zimalembedwa m'Cingerezi, cimene ndi cinenero ca boma ndi ca Nyumba ya Malamulo. Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale zasiyidwira mfuu ndi magule. Munthu amene wamva ndale m'mau atatu okha sangafunse funso la mau khumi.

Kwa ife aphunzitsi a zinenero, mfuu zimenezi ndi zipangizo zophunzitsira zimene ophunzira athu amazidziŵa kale pamtima. Mwana amene angapeze mwininkhani m'ciganizo ca m'buku angamupezenso pa citenge ca amai ake, ndi kufunsa cifukwa cake iye mwini sakupezekamo. Kwa akatswiri a kumasulira ndi olemba madikishonale, nchito imene yatsala ndi yoika manifesito a zipani m'zinenero zisanu ndi ziŵiri zimene zimaphunzitsidwa m'masukulu athu, kuti lonjezo liŵerengedwe m'cinenero comweco cimene linafuulidwamo.