Mmisiri wa khosi la gitala

Gitala yakale ya Harmony, yopangidwa ku Chicago, imafika kwa mmisiri itatopa. Kwa zaka zambirimbiri, nsambo zachitsulo zakhala zikukoka khosi lake ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, mpaka zatalikana ndi thabwa la pakhosipo moti pozidina zala zimapweteka.

Ambiri amati ingotayidwa, poti ndalama zokonzera zimaposa mtengo wake. Mmisiriyu ayi. Pa tizitsulo ta pathabwapo, amazula ka nambala 15, n'kuboola kabowo, n'kulowetsamo nthunzi kuti guluu womata khosi afewe. Khosi likazuka, amapala tsinde lake pang'ono, kuyesa, kupalanso, kuyesanso. Apa m'pamene ndimamugomera, chifukwa akangopyola muyeso, nsambo zimakhudza tizitsulo n'kumalira mosasa. Akamata n'kumanganso nsambo, ngakhale zala za mwana zimatha kuiliza gitalayo.