Kodi Wophunzira Zamakedzana Adzadya Chiyani?

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, mudzi wonse umalulutira. Koma zikamveka kuti akukaphunzira mbiri yakale, nthungululu zija zimazilala. Ku Mzimba, kuyambira pa boma mpaka ku Embangweni, Edingeni ndi Jenda, makolo ambiri amafunsa funso limodzi: kodi munthu wophunzira za anthu amene adamwalira kalekale adzadya chiyani? Funsoli si la Amalawi okha. Ku Ulaya nakonso, achinyamata amene amazama pa zochitika za pakati pa zaka za 500 ndi 1500 amafunsidwa chimodzimodzi. M'chigawo chino cha Africa, imeneyi ndi nyengo ya mzinda wamiyala wa Zimbabwe, ya osungunula chitsulo m'ng'anjo, ndiponso ya kudza kwa Amaravi.

Makolowo sayenera kunyozedwa, pakuti nkhawa yawo ili ndi maziko. Bambo amene adagulitsa ng'ombe, kapena kukavutikira ganyu ku Joni kuti mwana aphunzire, ali ndi chifukwa choyembekezera phindu. Ntchito zotchulidwa dzina la mbiri n'zowerengeka: nyumba yosungira zolembedwa zakale ku Zomba, nthambi ya boma yoona za zinthu zamakedzana, nyumba zoonetsera zakale ku Blantyre, Mzuzu ndi Karonga, ndi mipando yochepa ya uphunzitsi m'mayunivesite. Ambiri mwa omaliza maphunzirowa amathera m'kalasi la sekondale. Ngakhale amene adalemba bwino za Angoni sadadye za mbiri yokha. Yesaya Chibambo, amene buku lake lidatuluka m'Chingerezi mu 1942 ndi dzina lakuti My Ngoni of Nyasaland, adali mtumiki wa mpingo. D. D. Phiri, mwana wa ku Mzimba amene adabadwa mu 1931 ndi kumwalira mu 2019, adagwira ntchito m'boma, kenaka nayendetsa sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata.

Komabe maganizo akuti mbiri sidyetsa munthu ali ndi chilema. Amayesa kuti wophunzira mbiri amangoloweza maina a mafumu ndi zaka. Chenicheni chimene amaphunzira ndi kuyeza umboni. Angoni adasunga pakamwa nkhani yakuti tsiku limene Zwangendaba adawoloka Zambezi dzuwa lidada masana. Akatswiri atayerekeza mawuwa ndi kaundula wa kadamsana, adapeza kuti zidachitika mu Novembala 1835. Apa mawu a akuluakulu adakomadi atagonera, koma adakoma chifukwa padapezeka munthu wodziwa kuwayesa pa muyeso wina. Munthu wozolowera kufunsa kuti wanena ndani, adaona yekha kapena adamva, ndipo akupindulapo chiyani, ndi yemwe amafunika pa ntchito ya utolankhani, ya malamulo, ndi ya kafukufuku wa mabungwe a chitukuko.

Boma la Mzimba lokha lili ndi ntchito zambiri zosowa munthu wotere. Milandu ya ufumu ndi ya malire a minda imaweruzidwa potsata mibadwo ya makolo, ndipo mbali iliyonse imafika pabwalo ndi mbiri yoikomera. Kuchokera pamene lamulo la malo a makolo lidakhazikitsidwa mu 2016, kudziwa amene adayamba kulima pati ndi liti kwasanduka nkhani ya chuma cha banja. Mwambo wa Umthetho, umene umasonkhanitsa Angoni a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa pa phiri la Hora mwezi wa Ogasiti, umakoka alendo ofuna wowafotokozera zoona, osati nthano zopeka pomwepo. Mishoni ya Loudon ku Embangweni, imene Donald Fraser adaikhazikitsa mu 1902, ndi gwero la mbiri ya sukulu, chipatala ndi nyimbo za chigawocho. Ntchito ilipo, chimene chikusowa ndi woilipira.

Phiri la Hora likuonetsa poyera pamene pagona vuto. J. Desmond Clark adakumba pamenepo mu 1950 napeza mafupa a anthu akale. Kuyambira mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi Jessica Thompson, mogwirizana ndi akatswiri a boma la Malawi, lidakumbanso, ndipo mu 2022 dziko lonse lidamva za mafupa a ana amene adaikidwa pamenepo zaka zoposa 14,000 zapitazo. Anthu a m'midzi yozungulira adathandiza kukumba ndi kusefa dothi, koma kuyeza kozama kudachitikira kunja, kumene kuli zipangizo ndi ndalama. Alendowo salakwa, pakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Chodandaulitsa n'chakuti mwana wa pa Mzimba, wokhala ndi digiri yake, kawirikawiri amaonera patali chuma chimene chili kuseri kwa nyumba ya agogo ake.

Mbali ina ya mlandu ili pa kaphunzitsidwe. Wophunzira nyengo yakale ku Ulaya amayenera kudziwa Chilatini, chifukwa zolembedwa za nthawiyo zili m'chiyankhulo chimenecho. Kuno zolembedwa zoyambirira zonena za Amaravi zili m'Chipwitikizi, monga za ulendo wa Gaspar Bocarro wochokera ku Tete kupita ku Kilwa mu 1616. Mayamiko a mafumu ndi nyimbo za ingoma zili m'Chingoni, chimene ochiyankhula atsala ochepa, popeza Angoni a ku Mzimba adatengera Chitumbuka. Makalata ambiri a amishoni a Livingstonia ali ku Zomba ndi ku Edinburgh. Wophunzira amene watuluka m'koleji osadziwa ziyankhulozi, osagwirako chikalata chakale, ndiponso osakhalako pamphasa ndi nkhalamba, ali ngati mlimi wodziwa maina a mbewu zonse koma wopanda khasu. Akasowa ntchito, mlandu usagwere phunzirolo, koma m'mene adalilandirira.

Chitsanzo chakuti njira ilipo ndi Yusuf Juwayeyi, Mmalawi amene adakumba pa Mankhamba m'boma la Dedza, likulu la a Kalonga, nasindikiza buku la zimene adapeza mu 2020. Iye adalumikiza zokumbidwa pansi ndi zonenedwa pakamwa, ndipo ntchito yake imawerengedwa kunja ndi kuno komwe. Zojambula za pamiyala ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, nazonso zidafika pamenepo chifukwa padali anthu ophunzira amene adazilemba ndi kuziteteza.

Tsono kholo la ku Edingeni liyenera kuyankhidwa moona. Digiri ya mbiri payokha silonjeza ofesi, ndipo wonena kuti imalonjeza akunamiza mwana. Wofuna njirayi aphatikizepo luso lina logwirika: uphunzitsi, malamulo, kulemba nkhani, kusamala zolembedwa pa kompyuta, kapena chiyankhulo china. Makoleji atumize ophunzira kumidzi nthawi ya tchuthi kukalemba zimene okalamba akudziwa. Khonsolo ya M'mbelwa ndi mafumu aganizire zolemba ntchito ngakhale munthu mmodzi wosunga mibadwo ya maufumu ndi malire ake, pakuti mtengo wa malipiro ake sungapose wa milandu yosatha.

Changu chikufunika chifukwa mboni zikutha. Mlatho ukachedwa chaka chino ungamangidwe chaka chamawa, koma gogo wodziwa mayamiko a Zwangendaba akaikidwa m'manda, palibe ndalama imene ingamudzutse. Mudzi umene ukufunsa lero kuti wophunzira zakale adzadya chiyani, mawa udzalipira mlendo kuti auuze kumene udachokera.