Nyali imodzi m'khola la Segantini

Wojambula akafuna kutiuza kuti munthu ndi chiweto chake amakondana, kawirikawiri amadzera njira yachidule: mwana wakumbatira galu, mbusa wanyamula kankhosa paphewa, awiriwo akuyang'anana m'maso. Giovanni Segantini, katswiri wa zithunzi za utoto amene anabadwa mu 1858 ku Arco, kumpoto kwa Italy wa lero, anaikana njira imeneyi, ndipo mphamvu ya ntchito yake yagona pa kukanako.

Chithunzi chake cha mu 1889, Le due madri, kutanthauza amayi awiri, chili ku Galleria d'Arte Moderna mumzinda wa Milan. Ndi chachikulu, mulitali mwake kupitirira mamita awiri. Kumanzere kwaima ng'ombe yaikazi, mutu uli m'chodyera, kamwana kake katagona pa udzu wouma. Kumanja mayi wovala mpango kumutu wakhala pa kampando kokamira mkaka, akusinza, khanda lili mtulo pamiyendo pake, kadzanja kali lende. Palibe akuyang'ana mnzake. Mayi sakuigwira ng'ombe, ng'ombe nayo ilibe naye ntchito. Komabe ukachiona sukayika kuti anayiwa ndi a nyumba imodzi.

Chowamanga pamodzi ndi nyali. Yapachikidwa pakati pa khola, ndipo mbali yoyang'ana kwa ife ndi yotchinga, choncho maso athu sathobwa ndi lawi. Timangoona pamene kuwala kwagwera: pa nthiti ndi ntchafu za ng'ombe, pa nkhope ya mayi, pa mutu wa khanda, pa udzu wapansi. Segantini sanakondere. Kuwala kumene kwafika pa khungu la mwana ndi komweko kwafika pa ubweya wa chiweto. Akanaunikira mayi yekha, ng'ombe ikanasanduka katundu wa pakhomo. Akanaunikira ng'ombe yokha, chikanakhala chithunzi cha pamsika wa ziweto. Pogawa nyali mofanana, watiuza kuti kutopa kwa woyamwitsa ndi kumodzi, kaya ali ndi miyendo iwiri kaya inayi.

Kapakidwe ka utoto nakonso kakunena zomwezo. Kuyambira mu 1886, atalimbikitsidwa ndi Vittore Grubicy amene ankamugulitsira zithunzi, Segantini anayamba kuyala mitundu m'timizere tating'ono togundizana, m'malo moisakaniziratu. Ukayandikira umaona timizere tofiirira, tachikasu ndi takuda tolukana ngati mlaza pa mkeka. Ukabwerera m'mbuyo, diso lako lomwe limaisakaniza, khola lonse n'kuyamba kunyezimira. Udzu, chovala cha mayi ndi chikopa cha ng'ombe zalukidwa ndi dzanja limodzi, m'njira imodzi, mwakuti malire a munthu ndi nyama safuula. Chithunzichi chitaonetsedwa ku Brera, sukulu ya zaluso ya ku Milan, mu 1891, anthu anachilandira bwino, pamene cha mnzake Gaetano Previati, chojambulidwa mwa njira yomweyi ndipo chonenanso za umayi, chinanyozedwa kwambiri.

Segantini sankajambula khola ngati mlendo wodutsa. Amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 7, anakulira m'umphawi ku Milan mpaka kusungidwa kumalo osinthira khalidwe la ana oyendayenda, ndipo anafa wopanda dziko lomutcha nzika yake. Atatha maphunziro ku Brera anasamukira kumidzi ya Brianza, kenako mu 1886 ku Savognin, m'mapiri a Switzerland, pakati pa alimi oweta ng'ombe ndi nkhosa. Kumadera amenewo chisanu chikalimba, mabanja osauka ankacheza madzulo m'khola, kuotha kutentha kwa matupi a ziweto popeza nkhuni zinali zosowa. Mayi wa pachithunzi sanalowe m'khola kuti akongoletse nkhani. Walowamo kuti mwana asazizidwe. Ng'ombe ikumupatsa mkaka ndi kutentha, iye akuipatsa udzu ndi denga. Ubale umene Segantini akuonetsa ndi wodalirana, ndipo aliyense amene anakulira pakhomo pa khola amaudziwa popanda womufotokozera.

Zomwezi zikuoneka pa chithunzi china, Ave Maria a trasbordo, chimene anachijambulanso kachiwiri mu 1886. Bwato laling'ono likuoloka nyanja ya Pusiano dzuwa lili pafupi ndi m'mphepete mwa thambo, bambo wagwira nkhafi, mayi wafungatira mwana, nkhosa zadzaza bwato mpaka zina zaweramira m'madzi. Banja ndi ziweto anyamulidwa ndi matabwa amodzi. Likatembenuka bwatolo, atayika onse.

Sikuti zonse za Segantini ndi zoyamikika. Mu 1894 anajambula Le cattive madri, kutanthauza amayi oipa, chimene chili ku Belvedere mumzinda wa Vienna: mkazi wakodwa m'nthambi za mtengo wouma pakati pa chipale, kulangidwa chifukwa chokana umayi. Dzanja ndi lomwelo, luso la kuwala silinachepe, koma mtima wasintha. M'khola anali mboni yoona ndi chifundo. Apa wakhala woweruza, ndipo akuweruza akazi amene moyo wawo sanauyang'anitsitse monga anayang'anitsitsira ng'ombe ija. Chithunzicho chimadabwitsa maso, koma sichikhutiritsa mtima.

N'zosangalatsa kuti ziweto sanazitaye. Pamene anamwalira mu 1899 pa phiri la Schafberg, ali ndi zaka 41, anali akumaliza chithunzi cha alimi akubweza ng'ombe kumudzi madzulo, mayi akukoka kamwana ka ng'ombe, make akutsatira. Lero chili ku Segantini Museum ku St. Moritz.

Wojambula wachinyamata amene akufuna kuika mbuzi, galu kapena ng'ombe pa nsalu yake aphunzire apa. Asakakamize chiweto kumwetulira ngati munthu. Akhale pakhola nthawi yokwanira mpaka aone amene akudyetsa mnzake, amene akufunditsa mnzake, ndi kumene kuwala kukugwera. Segantini anali wamkulu pamene anachita zimenezi, ndipo anachepa pamene anazisiya.