Ng'oma ndi Chikumbumtima: Mbiri ya Seŵero la The Emperor Jones

Pa 1 Novembala 1920, m'kanyumba kakang'ono ka zisudzo ka pa Macdougal Street mu mzinda wa New York, gulu lotchedwa Provincetown Players lidaonetsa koyamba seŵero la Eugene O'Neill lotchedwa The Emperor Jones. Papita zaka zoposa 100 tsopano, komabe mkangano umene seŵeroli lidautsa sunazirale. Ena amaliyesa khomo limene munthu wakuda adaloŵera m'zisudzo zolemekezeka za ku America, pamene ena amaliyesa chipongwe chovekedwa malaya a chifundo. Ife tikuganiza kuti mbali zonse ziŵiri zidaonapo kanthu koona. Motero tifuna kulondola mbiri ya seŵeroli kuyambira tsiku loyamba lija, kuti tipeze pamene pagona nzeru yake ndiponso pamene pabisala cholakwa chake.

Tiyambe ndi nkhani yake, popeza ambiri mwa aŵerengi athu sadalione. Brutus Jones ndi munthu wakuda wa ku America amene ankatumikira apaulendo m'sitima zapamtunda za kampani ya Pullman. Adapha mnzake Jeff pa mkangano wa juga, ndipo ali kundende adaphanso msilikali woyang'anira akaidi, nathaŵira ku chilumba china cha ku West Indies. Kumeneko, mothandizidwa ndi mzungu wamalonda wachinyengo dzina lake Smithers, adadzisandutsa mfumu yaikulu m'zaka ziŵiri zokha. Ankadyera anthu masuku pamutu ndi misonkho, ataŵanamiza kuti palibe chimene chingamuphe kupatula chipolopolo cha siliva. Seŵero likuyamba pa tsiku limene anthu aja amuukira. Jones akuthaŵira m'nkhalango ali ndi mfuti ya zipolopolo zisanu ndi chimodzi, zisanu za mtovu ndi chimodzi cha siliva chimene adadzisungira yekha. Usiku wonse akuona zinthu zoopsa nkumaziombera: tizinthu tamantha topanda maonekedwe, kenaka Jeff, kenaka akaidi ndi msilikali uja, kenaka msika wa akapolo. Pambuyo pake akupezeka m'chombo cha akapolo, ndipo potsiriza ali pa mtsinje wa ku Congo pamaso pa sing'anga ndi ng'ona yofuna nsembe, imene akuiombera ndi chipolopolo chake cha siliva. Kutacha, zikudziŵika kuti wangozungulira nkubwerera pamene adaloŵera, ndipo anthu a mfumu Lem akumupha ndi zipolopolo zimene adasula posungunula ndalama za siliva.

Kalembedwe ka zigawo zapakati ndi kamene akatswiri amatcha Expressionism, kamene kadakula kwambiri ku Germany m'zaka zoyandikira nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mfundo yake ndi yakuti bwalo la zisudzo lisaonetse dziko monga momwe maso a munthu aliyense amalionera, koma monga momwe mtima wa munthu mmodzi wovutika ukulimvera. Mwa zigawo zisanu ndi zitatu za seŵeroli, choyamba ndi chotsiriza zokha ndizo zikuchitika poyera. Zisanu ndi chimodzi zapakati zikuchitika m'kati mwa Jones. O'Neill adalamula kuti ng'oma iyambe kulira ka 72 pa mphindi imodzi, molingana ndi kugunda kwa mtima wa munthu wodekha, ndipo izifulumira pang'onopang'ono osaleka mpaka Jones atafa. Woonera sazindikira nthaŵi imene mtima wake wayamba kutsata ng'omayo. George Cram Cook, amene adatsogolera seŵeroli, adamanga kumbuyo kwa bwalo chipupa chokhota cha pulasitala kuti kuŵala kwa nyale kuzioneka ngati thambo lakuya, ndipo Cleon Throckmorton adakonza nkhalango imene inkaoneka ngati ikumpanikiza munthu wothaŵayo.

Olemba ndemanga m'nyuzipepala, monga Heywood Broun ndi Alexander Woollcott, adaliyamikira kwambiri, ndipo anthu adakhamukira ku kanyumba kaja kotero kuti malo adachepa. Pakutha pa Disembala seŵero lidasamukira ku Broadway, kumene lidaonetsedwa ka 204, kenaka lidayendayenda m'mizinda ina kwa zaka pafupifupi ziŵiri. Koma chimene chidadabwitsa anthu koposa ndi munthu amene adaseŵera Jones, Charles Gilpin. Masiku amenewo chizoloŵezi chinali chakuti mzungu adzipake zakuda kumaso akafuna kuseŵera munthu wakuda, ndipo kaŵirikaŵiri cholinga chinali kuseketsa anthu basi. Gilpin adaonetsa kuti munthu wakuda angathe kusenza yekha seŵero lachisoni kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mu 1921 bungwe la NAACP lidampatsa mendulo ya Spingarn. Chaka chomwecho bungwe la Drama League lidamsankha kukhala mmodzi mwa anthu khumi amene adatukula zisudzo, koma padabuka mau akuti asaitanidwe ku phwando chifukwa cha khungu lake, mpaka O'Neill ndi ena adakana kupitako ngati iye saitanidwa. Phwando lidachitika Gilpin alipo.

Chikhalirecho ubwenzi wa anthu aŵiriŵa sudakhalitse. M'seŵeroli muli mau achipongwe aja amene azungu a ku America ankatukwanira anthu akuda, ndipo Jones mwiniwake amaŵatchula kambirimbiri. Gilpin adayamba kuŵasintha ali pa bwalo, kuika ena ofatsa m'malo mwake. O'Neill adapsa mtima, ndipo poonjezera apo Gilpin anali atayamba kumwa moŵa mopitirira. Pamene seŵero lidabwerezedwa ku New York mu 1924 ndi kupita ku London mu 1925, amene adaseŵera Jones anali Paul Robeson. Gilpin adamwalira mu 1930 ali mmphaŵi. Patapita zaka zambiri O'Neill adavomera kuti mwa onse amene adaseŵera anthu a m'maseŵero ake, Gilpin yekha ndiye adakwaniritsa zonse zimene iye ankaganiza polemba. Apa pali funso limene sitingalilumphe: kodi mau a seŵero mwini wake ndani, amene adaŵalemba ali m'chipinda, kapena amene ayenera kuŵatulutsa pakamwa pake usiku ndi usiku pamaso pa anthu amene angaŵagwiritse ntchito maŵa pomtukwana iye yemwe? Ife tikuona kuti Gilpin sankaononga seŵero ai, koma ndiye adali woyamba kuliweruza, ndipo adaliweruza ndi thupi lake.

Anthu akuda ophunzira adagaŵikana maganizo. W. E. B. Du Bois adamteteza O'Neill, poona kuti mlembi sayenera kukakamizidwa kuonetsa anthu angwiro okhaokha. Ena adadandaula kuti pamene mwai wapezeka woti munthu wakuda aonekere pa bwalo lalikulu, akuoneka ali chigaŵenga chamantha chimene chikuvula zovala chimodzichimodzi mpaka kutsala ndi kansanza m'chiuno. Langston Hughes, m'buku la moyo wake la The Big Sea la mu 1940, adasimba za tsiku limene seŵeroli lidaonetsedwa ku Lincoln Theatre ku Harlem, Jules Bledsoe akuseŵera Jones. Anthu adangophulika nkuseka, namafuula kuti atuluke m'nkhalangomo abwerere kwao ku Harlem. Kuseka kumeneku sitikuyesa umbuli. Anthu aja ankanena kuti nkhalango imene mlembi akuti ili pansi pa mtima wao, iwo sakuidziŵa.

Chaka cha 1933 chidaonetsa poyera kusokonezeka kwa nthaŵi imeneyo. Mu Januwale, ku Metropolitan Opera ku New York, Louis Gruenberg adatulutsa seŵeroli m'nyimbo, ndipo Jones adaimbidwa ndi mzungu Lawrence Tibbett atadzipaka zakuda. Chaka chomwecho kudatuluka kanema wotsogoleredwa ndi Dudley Murphy, m'mene Robeson adaseŵera Jones, ndipo DuBose Heyward adaonjezera mbiri yaitali ya moyo wa Jones asanafike pa chilumba. Pambuyo pake, makamaka m'zaka za kumenyera ufulu wa anthu akuda, magulu akuluakulu ankaliopa seŵeroli. Mu 1993 gulu la Wooster Group, motsogoleredwa ndi Elizabeth LeCompte, lidachita chinthu chodabwitsa: Jones adaseŵeredwa ndi mai wachizungu, Kate Valk, atadzipaka zakuda mwadala ndi kuyenda motsanzira zisudzo za ku Japan, kuti woonera aone kuti Jones ndi chinyau chimene mzungu adasema. Ena adatsata njira yosiyana. Ku London, Thea Sharrock adalitsogolera mu 2005 ndi mu 2007, Paterson Joseph akuseŵera Jones, ndipo ku Irish Repertory Theatre ku New York mu 2009 John Douglas Thompson adambwezera Jones ulemu wa munthu wanzeru wogwa chifukwa cha kunyada kwake. Motero mbadwo uliwonse wayesa kulekanitsa tirigu ndi namsongole m'munda umodzi womwewo.

Nanga tirigu ndi uti? Tikuganiza kuti ndi chithunzi cha chikumbumtima. Jones si chitsiru. Iye akufotokoza yekha kuti nzeru zake adaziphunzira pomvetsera azungu olemera m'sitima muja, kuti wakuba zazing'ono amamangidwa pamene wakuba zazikulu amalemekezedwa. Umbombo wake ndi wobwereka kwa amene adampondereza, ndipo tsopano akupondereza nawo anthu a khungu lake lomwe. Tisaiŵale kuti seŵeroli lidalembedwa asilikali a America ali ku Haiti, kumene adakhala kuyambira 1915 mpaka 1934, ataloŵako pambuyo pa kuphedwa kwa Pulezidenti Vilbrun Guillaume Sam, amene mbiri yake idathandiza O'Neill kuganiza za nkhaniyi. Jones akunenanso kuti ndi mkhristu wa mpingo wa Baptist, koma chikhristucho wayamba wachiika padera pofuna kupata chuma. M'nkhalango muja, chimene adachiika padera chikumtsata. Chipolopolo chilichonse chikuchotsa chithunzi koma sichikuchotsa mlandu, ndipo kulira kwa mfuti kukungoulula kumene iye ali kwa amene akumsaka. Munthu wothaŵa tchimo lake amayenda mozungulira. O'Neill adaleredwa m'Chikatolika nasiya kupemphera ali mnyamata, komabe pa mfundo iyi adalemba ngati munthu amene sadaiŵale tanthauzo la kulapa.

Namsongole akuyamba kumera pa chigawo chachisanu. Jeff ndi msilikali uja ndi anthu amene Jones adaŵapha ndi manja ake, ndipo mpoyenera kuti amzunze. Koma msika wa akapolo ndi chombo chija si machimo a Jones. Zimenezo nzoipa zimene anthu ena adachitira makolo ake. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kuchimwa ndi kuchimwiridwa, ndipo seŵeroli likuziika zonse mu mzere umodzi ngati makwerero otsikira m'dzenje limodzi. Ambiri aona pamenepa maganizo a Carl Jung, akuti pansi pa mtima wa munthu aliyense pali zokumbukira za mtundu wake wonse. Ngakhale titavomera zimenezo, tiyenera kufunsa chifukwa chimene pansi penipeni pa dzenjelo pali Africa, ndiponso chifukwa chimene Africa ameneyo ali mantha okhaokha. Mlandu umene unali wa munthu mmodzi, wochita mwaufulu, wasanduka tsoka la magazi limene munthu sangalithaŵe. Ndipo pamene palibe ufulu palibenso kulapa kwenikweni. Nchifukwa chake pemphero la Jones likumveka ngati kulira kwa nyama yogwidwa mu msampha, ndipo ngakhale pamene akuitana dzina la Yesu pamaso pa ng'ona ija, chimene akuthaŵirako ndi chipolopolo cha siliva, ndiye kuti bodza lake lomwe.

Ife amene tidakulira pakati pa ng'oma tili ndi umboni wathu pa nkhaniyi. Tikudziŵa kuti ng'oma imalira pa maliro ndi pa ukwati pomwe, imaitana anthu ku bwalo, ndipo masiku ano imaperekeza nyimbo za pa Misa. O'Neill sadafikeko ku Congo. Nkhalango imene ankaidziŵa ndi ya ku Honduras, kumene adapita mu 1909 kukafuna golide nabwerako atadwala malungo. Sing'anga wake ndi ng'ona yake nzochokera m'mabuku ndi m'maloto a azungu. Koma tisathamangire kudziyeretsa, pakuti mbali ina ya seŵeroli ikutikhudza moŵaŵa. Mtsogoleri amene amaphunzira njira za wopondereza, nadzizinga ndi mbiri yakuti sangafe, nasunga chuma ku banki yakunja pokonzekera tsiku lothaŵa, si munthu wachilendo m'mbiri ya maiko ambiri amene adalandira ufulu patapita zaka 40 seŵeroli litalembedwa. Pamenepo O'Neill adaona patali kuposa momwe iye mwini ankadziŵira.

Tsono chiweruzo chathu nchakuti The Emperor Jones ndi seŵero lalikulu lokhala ndi bala lalikulu, ndipo sitiyenera kubisa chimodzi pofuna kuteteza chinzake. Amene amati lisaonetsedwenso akutaya chithunzi champhamvu cha chikumbumtima ndiponso akufafaniza ntchito ya Gilpin ndi Robeson. Amene amati lilibe cholakwa sadamve kuseka kwa anthu a ku Harlem. Njira yabwino ndi imene oseŵera anzeru atsata, yoliseŵera ndi maso otsekuka, kuti woonera adziŵe mizukwa imene ili ya Jones ndi imene ili ya mlembi. Kwa amene akukonzekera ntchito yomvera zakukhosi kwa anthu, phunziro lake nlothandiza tsiku ndi tsiku. Munthu akabwera atasenza katundu wolemera, tiyenera kumthandiza kusiyanitsa zimene adalakwa, kuti alape, ndi zimene adalakwiridwa, kuti achire. Jones adaombera zonse ndi mfuti imodzi chifukwa m'nkhalango muja munalibe womthandiza kuzisiyanitsa, ndipo mlembi amene adamlenga sadazisiyanitsenso.